Mizere Yofiira Inatsala Pang'ono Kundibweza ku Ntcheu

Okondedwa mwa Ambuye, nonse amene mumatsatira zimene ndimalemba pano, landirani moni kuchokera kuno kotentha ku Karonga. Ine ndine Limbani, kwathu ndi ku Ntcheu. Lero ndati ndikuuzeni za chiyeso chimene ndinadutsamo chaka chatha. Ena mukamva museka, chifukwa sanali matenda, sinali imfa, sunalinso mlandu wa kupolisi. Inali mizere yofiira ya pa kompyuta. Koma ndikukuuzani zoona, mizere imeneyo inatsala pang'ono kundichotsa ntchito, ndipo ntchitoyo ndiyo inali njira yokhayo yoti ndikhalenso nyumba imodzi ndi mkazi wanga ndi mwana wanga.

Poyamba ndinali mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayiveti kwathuko. Sukuluyo itatsekedwa ndinakhala pakhomo manja lende, ndipo pakhomo pakepo panali pa apongozi, poti kwathu mwamuna ndiye amakamanga kwa mkazi. Amene munakhalapo mkamwini wopanda ntchito mukudziwa mmene moni wa m'mawa umalemerera. Palibe amene ankandinyoza poyera, koma ngakhale nkhuku za pakhomopo ndinkaona ngati zikundiyang'ana. Ndiye ndinadzikakamiza kuphunzira kupanga mawebusayiti, poyamba pa foni, kenako pa kakosi kakafupi ku Blantyre. Mnzanga wina wa kutchalitchi atandiuza kuti kopaletivi ina ya alimi a mpunga ku Karonga ikufuna munthu wa ntchito imeneyi, sindinafunse n'komwe kuti Karongayo ndi kutali bwanji. Ndinangokwera basi.

Ofesi yawo ili chakumpoto kwa boma, njira yopita ku Songwe. Ankafuna webusayiti yoti ogula a m'mizinda aziona mpunga wa kilombero, aziona matumba ake, n'kudina batani loimbira ku ofesi. Komiti inandilemba mongoyesa. Pangano linali lakuti webusayitiyo ikaonetsedwe pa msonkhano waukulu wa mamembala mvula isanagwe. Ikalandiridwa, ntchito yanga ikhazikika ndipo andipatsa nyumba imene ili kuseri kwa shedi yosungira mpunga. Ikakanidwa, ulendo wa ku Ntcheu. Pa nthawiyo ndinkagona m'kachipinda ka lendi koti ukatambasula manja umakhudza makoma onse awiri, choncho mkazi wanga Nambewe ndi mwana wathu Takondwa anatsala kwa apongozi kudikira.

Anthu a kuno ndisawanamizire, si oipa. Moni amapereka, akaphika mbalagha, nthochi zija zophika ndi nyama, amakugawira. Koma chilankhulo, abale. Mu ofesi ankandilankhula Chichewa akafuna kanthu, kenako n'kutembenukirana okhaokha m'Chinkhonde, kuseka mpaka kugwirana mapewa, ine ndili mano mbee kusekera nkhani imene sindinaimve. Dzina langa linasowa, onse ankangonditcha a Kompyuta. Lamulungu ndinkapita kutchalitchi cha pafupi, n'kumangotola mawu awiri okha, Kyala, ndiye Mulungu, ndi Amen. Ndikatuluka ndinkagwirana chanza ndi mpingo wonse, n'kubwerera ndekha ku kachipinda kaja. Munthu ukhoza kukhala pakati pa anthu abwino n'kumafa ndi kusungulumwa, ine ndinazionera kuno.

Kompyuta yangayanga ndinalibe. Anandipatsa laputopu ya ofesi, yolemera ngati njerwa, imene anagula kwa munthu wina amene ankagwira ntchito ku Kayelekera mgodi uja usanatsekedwe. Mu ofesi ankailemekeza kwabasi, ati inagwiridwa ndi mainjiniya. Inali kale ndi edita, pulogalamu imene timalemberamo makodi. Kwa amene simudziwa, makodi ndi malangizo amene amauza foni kuti apa pakhale chithunzi, apa mawu, apa batani. Editayo ili ndi khalidwe la aphunzitsi: ikaona chimene ikuti n'cholakwika, imalemba mzere wofiira wokhotakhota pansi pake.

Nditangoyamba kulemba mmene anandiphunzitsira, mizere yofiira inayamba kutuluka ngati nthomba. Ku kosi kuja ndinkalemba chimodzimodzi popanda chofiira chilichonse. Chodabwitsa china, ndikatsegula webusayitiyo pa foni, zonse zinkayenda bwinobwino. Zithunzi zili m'malo, kanema wa chigayo chopunthira mpunga akusewera, mabatani akugwira ntchito. Ndinaika adiresi yake yoyeserera pa gulu la pa foni la mamembala, ena n'kutumiza timanja toombera. Koma mtima wanga sunakhale pansi. Ndinkati, kosi yanga inali ya miyezi yochepa, pamene laputopu iyi yadutsa m'manja mwa akatswiri a mgodi. Pakati pa ine ndi iyo, wodziwa ndani? Komanso musaiwale kuti ine ndadya zaka ndikuchonga makope a ana. Kwa mphunzitsi, chofiira sichikambidwa. Chikalembedwa, ndiye kuti walakwa basi.

Tsiku lina atcheya a kopaletivi anadzaima kumbuyo kwanga makodi ali pa sikirini. Iwowa ndi hedimasitala wopuma, munthu waukhondo, malaya opisira ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Anayang'ana nthawi ndithu, kenako anafunsa kuti zofiirazo zikutanthauza chiyani. Ine m'malo moti ndiganize kaye, pakamwa panathamanga. Ndinati pulogalamuyi ikunena kuti pamenepo palakwika. Abale, mawu amenewo osawanena kwa munthu amene wakhala hedimasitala moyo wake wonse. Anavula magalasi, kuwapukuta, kuvalanso, n'kuloza sikirini ndi chala.

"A Kompyuta, ndinamva kuti munali mphunzitsi. Mwana wa kope lothethedwa chonchi mungamukweze kalasi?"

Ndinati ayi. Anati ndiye tamvana, pofika tsiku la msonkhano pasapezeke chofiira ngakhale chimodzi, apo ayi iwo sadzaimirira pamaso pa alimi kunena kuti ntchito yatha. Sanali ankhanza. Ndinamva pambuyo pake kuti munthu wina anawapangirapo webusayiti imene inafa iye atangochoka, ndipo mamembala anadzudzula atcheyawo kuti analandira chinthu osachiyang'anitsitsa. Analumidwapo, ndiye ankaopa. N'chifukwa chakenso anali ndi lamulo lina lakuti m'laputopumo musaikidwe pulogalamu ina iliyonse, poti kalaliki wina anabweretsamo vairasi.

Apa ndiye panayambira mavuto anga enieni. Ndinayamba kusaka mizere yofiira umodziumodzi. Wina unali pansi pa mawu amene amauza foni kuti apa ndi pamene pali menyu, mndandanda wa masamba a webusayiti, ndinachotsa. Yambiri inali pansi pa timawu tobisika timene timafotokoza ntchito ya batani lililonse. Ku kosi anatiuza kuti tisamaiwale kutiika, koma ine ntchito yake ndinali ndisanaionepo, ndipo nditatichotsa palibe chimene chinasintha m'maso. Ndinati eya, kani n'zopanda pake. Kenako ndinafika pa kanema uja. Ndinamulemba mwa njira imene edita inkavomera, foni n'kumukana, pamalo pake n'kutsala chibowo chakuda. Zithunzi zinayamba kusefukira kunja kwa sikirini. Thumba la mpunga linkaoneka theka, nkhope ya mlimi kudulidwa pakati.

Zinafika poti ndikasangalatsa edita, webusayiti ikufa. Ndikadzutsa webusayiti, edita ikufiira. Ndinagwira njakata. Woti ndimufunse kunalibe. Amene tinali nawo pa kosi aliyense analowera kwake, mphunzitsi wathu foni yake inali yosapezeka. Ndikafunsa pa intaneti, mayankho ankabwera a Chingerezi chozama, aliyense akunena zake, ndipo palibe amene ankakamba za edita ngati yangayi. Ndinkakhala pa desiki kuyambira m'mawa, thukuta lili kamukamu, maso akuwawa, anzanga akucheza pakhonde m'chilankhulo chawo. Mkati mwangamu munayamba kulankhula mawu ena. Ankati ndiwe wachinyengo, unadzatenga ntchito imene suidziwa, ngakhale makina akukuona. Ndipo ndinawakhulupirira, abale, chifukwa umboni wake unali pamaso panga, wofiira psuu.

Lamulungu lina masana Nambewe anaimba. Mkazi wanga si wolongolola, akafunsa chinthu ndiye kuti chamuvuta. Anandiuza kuti anthu ayamba kusosa m'minda, ndipo amayi ake akufuna kudziwa ngati amusiyire ndime yake. Akalima ndiye kuti akhala komweko mpaka kukolola.

"Bambo a Takondwa, ndiuzeni chimodzi. Ndilime kapena ndisalime?"

Ndinangoyang'ana khoma la kachipinda kaja mpaka anafunsa ngati netiweki yathawa. Kenako ndinati limani. Sanadandaule, anangoti chabwino, n'kundifunsa ngati ndikudya. Foni itaduka ndinakhala pa mphasa ngati munthu wofedwa. Ndinadziwa kuti ndi mawu amodzi aja ndavomera kuti ndalephera.

M'mawa mwake ndinapita ku ofesi nditatsimikiza zoti ndikatsanzike ndisanachititsidwe manyazi pa msonkhano. Atcheya kunalibe, anali atapita kumaliro, ati abwera masana. Nthawi ya nkhomaliro anzanga atatuluka, ndinalowa m'shedi muja, pakati pa matumba, m'fungo la mankhusu. Malata ankalira ndi kutentha. Ndinagwada pa simenti. Pemphero langa silinali lokongola, ndipo ndinene mosabisa, linali lopsa mtima. Ndinati Ambuye, munanditengera chiyani kuno? Kwathu ndinali wopanda ntchito koma mwana wanga ndinkamuona. Ndinati sindikupempha zozizwitsa, nditumizireni munthu mmodzi yekha woti ndikhale naye pansi, andimve, ndimumve. Ndinalira ngati mwana, ndipo palibe chimene ndinamva. Ndinadzuka, kusasa maondo, n'kubwerera pa desiki.

Sipanapite nthawi, panja panaima kago, ndiye kabaza wa kuno. Panatsika bambo wina wamtali, wa imvi za apa ndi apo, atagwira ndodo yoyera ya anthu osaona. Anagogoda chitseko ndi ndodoyo, n'kulankhula Chichewa chomveka bwino ngakhale chinali ndi kamvekedwe ka kuno.

"Ndikufuna munthu amene waitseka pakamwa foni yanga. Akuti dzina lake ndi Kompyuta."

Ndinati mavuto ena awa. Ndinawapatsa mpando, ndipo anadzifotokoza kuti ndi a Mwangomba a ku Iponga, membala wa kopaletivi, komanso mphunzitsi wa ana osaona. Chichewa anachizolowera kum'mwera kumene anakachita maphunziro. Asanapitirize anandifunsa dzina langa lenileni, ati munthu sangabadwe ali Kompyuta. Nditawauza anati chabwino a Limbani. Mukhoza kuseka, koma kumva dzina langa pakamwa pa munthu wa kuno kunanditsitsimutsa ngati madzi a mumtsuko.

Anatulutsa foni n'kundionetsa mmene amaigwiritsira ntchito. Amayendetsa chala pa sikirini, foniyo n'kumawawerengera mokweza chilichonse chimene chala chakhudza. Anati mawebusayiti ambiri amawasiya panja, koma adiresi yanga itabwera pa gulu lija anayesa, ndipo anadabwa. Foni inawauza kuti apa ndi menyu, ili ndi batani loimbira ku ofesi, ili ndi la mitundu ya mpunga. Anayenda paliponse okha osapempha maso a munthu. Anakondwa mpaka anauza ana a m'kalasi mwawo. Ndiye tamverani lero, anatero. Anayendetsa chala, foni n'kumangoti batani, batani, batani, osanena kuti la chiyani. Anandifunsa kuti anandilakwira chiyani.

Ndinawafotokozera zonse, za edita, za mizere yofiira, za lamulo la atcheya. Sindikudziwa kuti zinatheka bwanji, koma ndinapezeka ndawauzanso za Nambewe ndi ndime yake. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anati iwo zofiira sazidziwa, sanazionepo, ndiye sangaziope. Anati ndibwezeretse chimodzi mwa zimene ndinachotsa kuti timve.

Ndinabwezera timawu tobisika tija pa batani loimbira. Nthawi yomweyo mzere wofiira unatulukira. Ndinatumiza kusinthako, iwo n'kuyendetsa chala, foni n'kunena momveka kuti batani loimbira ku ofesi. Anati chotsani. Ndinachotsa, chofiira chinazimiririka, foni n'kubwerera ku batani lake lija. Anati bwezerani. Tinachita zimenezo kangapo ngati ana akusewera ndi switchi ya magetsi. Chimene edita inkachithetha ndi chimene chinkalankhulitsa foni ya bambo amenewa. Miyezi yonseyi ndinkagwetsa zinthu zabwino ndi manja angawa.

Kenako anafunsa kuti kodi kompyuta imeneyi ndi ya liti. Nditati ndi ya nthawi ya Kayelekera, anaseka mpaka kumenya ndodo pansi. Anati foni yawo yokhayo imafuna kuiwonjezera zatsopano pafupipafupi, apo ayi imayamba kubwebweta, nanga chinthu cha nthawi ya mgodi? "Aphunzitsi anzanga," anatero, "mwaiwala? Silabasi ikasintha, wochonga n'kutenga mayankho a silabasi yakale, ana onse anzeru amalephera."

Ndinatsegula pamene edita imasunga makonzedwe ake, malo amene ndinali ndisanalowepo chifukwa choopa kuwononga chinthu cha mainjiniya. Zinali momwemo. Malamulo amene inkachongera anali a kalembedwe kakale, ka nthawi imene zambiri zimene ndinaphunzira ku kosi zinali zisanafale. Atsopano munalibe, ankafunika kuwonjezeramo. Apa mutu unayamba kugwira ntchito. Ndinakumbukira kuti pa intaneti pali malo oyezera makodi ndi malamulo a masiku ano. Ndinatenga webusayiti yanga yoyamba ija, imene mwamwayi ndinali nditaisunga pambali, n'kuiyeza pa foni. Mwa mulu wonse uja wa zofiira panatsala ziwiri zokha, ndipo zimenezo zinali zanga ndithu, ndinaiwala kutseka zimene ndinatsegula. Ndinazikonza a Mwangomba asanamalize kumwa madzi amene ndinawapatsa.

Komabe nkhani inali isanathe. Atcheya ankafuna kuona laputopu yopanda chofiira, ndipo kuti zimenezo zitheke pankafunika kuswa lamulo lawo lina lija losaikamo kanthu. A Mwangomba anati sachoka, awadikira. Atcheya atafika kuchokera kumaliro, awiriwo anapatsana moni wautali wa kuno uja, kenako anakhala pansi n'kuyamba kukamba za ine m'Chinkhonde. Abale, pa zonse zimene ndinadutsamo, nthawi imeneyi ndiyo inali yowawitsa. Moyo wanga unali pa tebulo, anthu akuutembenuza uku ndi uku, mwini wakene osamva ngakhale liwu. Ndinkangotola Limbani, Kompyuta, Kayelekera. Pena mawu ankakwera, atcheya akupukusa mutu. Ndinkayang'ana nkhope zawo ngati galu woyang'ana anthu akudya. Chamumtima ndinkangoti Ambuye, Inu Chinkhonde mumamva, ndilankhulireni.

Kenako a Mwangomba anandiuza kuti tichite zija. Ndinachotsa, foni inati batani. Ndinabwezera, chofiira chinabwera, foni n'kunena zonse. Atcheya anasendera pafupi, diso pa sikirini, khutu ku foni. Anati ndibwereze, ndinabwereza. Anazunguza bolopeni yawo m'manja. Atalankhula analankhula m'Chichewa, ndipo ankayang'ana ine.

"Ndachonga makope zaka zambiri. Wochonga akalakwitsa, amene amalira ndi mwana. Ikanimo malamulo atsopanowo, koma ine ndili pompano."

Netiweki ya tsiku limenelo inali yaulesi, tinadikira mpaka anthu a mu ofesi onse anadzaunjikana kumbuyo kwanga. Zitatha ndinatseka edita n'kuitsegulanso. Webusayiti yanga yoyamba ija inatseguka, kanema wake, menyu yake, timawu take tonse, ndipo panalibe chofiira ngakhale kadontho. Mayi wina wa mu ofesi anaomba m'manja. Atcheya anayendetsa okha kuyambira pamwamba mpaka pansi, mzere ndi mzere, ngati akuyendera mayeso. Atafika pansi anangoti ndagha, ndiko kuthokoza kwa kuno, n'kutuluka.

Powaperekeza a Mwangomba kukakwera kago ndinawauza za pemphero langa la m'shedi. Anaseka, n'kundichenjeza kuti ndisakawaike mu ulaliki ngati mngelo, iwo anangobwera kudzakalipa basi, ndipo ananyamuka kwawo atapsa mtima zenizeni. Ndinati a Mwangomba, zimenezo n'zanu, koma ine ndikudziwa chimene ndinapempha ndi nthawi imene munagogoda. Ananyamuka ku Iponga ine ndisanagwade n'komwe. Yankho linali kale pa msewu pamene ine ndinkakangana ndi Mulungu pakati pa matumba.

Pa msonkhano waukulu, pansi pa mitengo ya mango, atcheya anaonetsa webusayiti, kenako a Mwangomba anaika foni yawo pa maikolofoni. Inawerenga zonse, ndipo itafika pa kilombero inatchula mwachizungu moti alimi anagwa nako kuseka. Anakambirana m'chilankhulo chawo, manja anakwera m'mwamba, ndipo mayi amene anakhala pafupi nane anandigwira paphewa n'kunena kuti a Limbani, mwakhala wathu. Ndinatuluka pagulupo n'kukaimba foni kuseri kwa shedi. Nambewe anali kumunda, anali atasosa kale theka la ndime. Anati aisiyira mng'ono wake.

Ndiye abale anga, chimene ndikufuna kukusiyirani ndi ichi. Sikuti chenjezo lililonse ndi labodza ayi, ziwiri zija zinali zoona ndipo ndinayenera kuzikonza. Koma si mawu onse okutsutsani amene akunena zoona, ngakhale atabwera ndi ulemu wa ku mgodi. Ine ndinatsala pang'ono kutaya ntchito, osati chifukwa cholephera, koma chifukwa chokhulupirira kuti ndalephera, ndipo ndinali ndekha, wopanda wondifunsa kuti kodi wayesa kumvetsera. Ngati muli kutali ndi kwanu, pakati pa anthu amene simumva chilankhulo chawo, ndipo chilichonse chikukuuzani kuti nyamukani muzipita, musafulumire kutsanzika. Gwadani kaye, ngakhale pemphero lake likhale lokalipa ngati langa. A Mwangomba lero ndi mbale wanga, Loweruka ndimapita kwawo ku Iponga, akundiphunzitsa Chinkhonde n'kumandiseka mmene ndimapotozera lilime.

Banja langa linafika mvula yoyamba itagwa. Ndinakawachingamira ku depoti ya pa boma. Nambewe anatsika ndi katundu pamutu, ataonda pang'ono, akumwetulira. Pambuyo pake panatsika Takondwa, atatalika moti diresi imene ndinamusiya nayo inali itafupika. Ndinatambasula manja kuti andithamangire. Mwana wanga anayang'ana amayi ake, kenako anagwada pansi, maso pa dothi, n'kunena ndi ulemu wonse kuti muli bwanji. Anandipatsa moni wa mlendo. Ndinayankha kuti ndili bwino kaya iwe, koma mkatimu munang'ambika, ndipo m'pamene ndinadziwa kukula kwa chimene ndikanataya ndikanakhala nyengo ina yonse kutali.

Mu minibasi yopita kumpoto anakhala pakati pathu atakanirira mbali ya amayi ake, osandikhudza. Koma kutentha kwa Karonga sikuona mlendo. Tisanafike patali anayamba kusinza, mutu ukupita uku ndi uku, mpaka unadzagwera pa mkono wanga n'kukhazikika pomwepo. Mkonowo unachita dzanzi, thukuta lake linanyowetsa malaya anga, koma sindinausunthe mpaka tinafika pakhomo pathu. Njira yonseyo ndinkangoti zikomo Ambuye, zikomo Ambuye, misozi ikutsika, kondakitala akundiyang'ana modabwa. Amene anandichitira ine zimenezi sanatope, ndipo kwanuko njira akuidziwa. Limbani mtima, gwiritsitsani. Ulemerero ukhale kwa Iye yekha. Amen.